Chaka Chimene Anandilanda Mchere

1

Ndine Falesi wa ku Nsadzo, m'boma la Chifunde. Zidzukulu ndili nazo, mano am'mbali anandithawa kalekale, ndipo bondo langa lakumanzere limayamba kudandaula ine mwini ndisanadzuke. Ndayamba ndi zimenezi dala, kuti mukamva zoti mayi ameneyu anazengedwa mlandu wa chigololo mudziwiretu kuti kwathu kuno anthu ali ndi maso akuthwa kwambiri. Amaona ngakhale zinthu zomwe palibe.

Kwathu kwenikweni ndi ku Mualadzi. A Ezekieli, amuna anga, ananditenga chitengwa ndili kamtsikana, ndipo takalambira limodzi pamudzi wa kwawo tikulima fodya ndi chimanga. Mowa samwa, dzanja sanandikwezerepo, koma pakamwa pawo n'potseka ngati nkhokwe ya munthu womana. Munthu ameneyu akhoza kupsa ndi moto n'kukuuza kuti lero kunja kwafundako.

Zinayamba ndi mkodzo. Akapita kuseri kwa khola ankakaima nthawi yaitali, moti ndinkaganiza kuti akucheza ndi mbuzi. Akabwera, pang'ono pokha, abwereranso. Nditafunsa anati ndi ukalamba. Za m'chipinda nazo zinali zitayamba kuzilala, koma pamenepo sindinakasume kulikonse. Bondo langa linangothokoza Mulungu.

Nthawi yomweyo mwana wathu Lonjezani, amene anakwatiwa ku Mualadzi, anachira movutikira, ndipo ndinapita kukamusamalira nyengo yonse yachisanu. Pobwera ndinapeza bambo akewo ali duu, nkhope itagwa. Anati anapitako ku Tete kukalondola za fodya, ndiye maulendowo anawatopetsa. Ine, mkazi wokhulupirira, ndinawaphera nkhuku yowapepesa kutopa.

2

A Ezekieli ali ndi mlongo wawo wamkulu, a Teodora, mayi wamasiye amene boma linataya mwayi posamulemba upolisi. M'tchalitchi ena amamvera ulaliki, iwo amayang'anira chitseko. Ndi iwo anazindikira kuti pali amuna awiri amene ankatulukatuluka mapemphero ali mkati n'kulowera kuseri: amuna angawo, ndi a Silasi, mkulu wa mpingo, bambo wamimba yake ndi wa mawu okhuthala m'kwaya.

Nkhaniyo anaisunga mumtima ngati mbewu. Patapita chaka ndi miyezi, a Ezekieli anayamba kuvutika ndi msana. Kenaka m'chiuno. Kenaka miyendo inayamba kutupa, thupi lina lonse likutha. Apa ndiye mbewu ya alamu anga inamera. Anakumbukira kuti nyengo yachisanu ija, ine nditapita ku Mualadzi, a Silasi nawonso anasowa pamudzi, akuti kukaona mwana wawo ku Beira. Amuna awiri, vuto limodzi, ndipo mmodzi mwa iwo anasowa pamodzi ndi ine. Masamu anatheka popanda choko.

Inu okulira m'tauni ndikuthandizeni. Kwathu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina, n'kubwera kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula. Mwamunayo amatupa, amaonda, msana umakana, ndipo mkaziyo akapanda kuulula, ndi maliro. Dzina lake ndi mdulo. A Teodora sanafunikire dotolo. Tsiku lina anayang'ana miyendo ya mlongo wawo, n'kuyang'ana dzanja langa lili m'chitini cha mchere, n'kuyamba kulira mokweza kuti ngakhale a kutsidya kwa msewu asaphonye.

3

Mlandu unakhala pakhonde pathu. Ankhoswe a mbali zonse analipo, akuluakulu a mpingo analipo, ndipo anthu ena anangopezeka kuti onse ali ndi chobwereka pakhomo pathu tsiku limenelo. Ine ndinalibe nkhawa. Ndinkati a Silasi akangotsegula pakamwa n'kukana, tiseka tonse, ndikatereke madzi a tiyi.

Atafunsidwa, a Silasi anayamba akonza kolala ya malaya, n'kutsokomola, n'kumwetulira chapansipansi ngati mnyamata amene wayamikiridwa nsapato zatsopano.

"Ine nkhani zokhudza amayi sindiyankha pagulu," anatero. "Ndinaleredwa mwaulemu."

Pakhonde panamveka kung'ung'udza kokoma, kwa anthu amene alandira chimene anadzera. Ndinatembenukira kwa amuna anga, munthu amene ndinamuberekera ana, amene akudziwa bwino kuti ine tulo timandigwira nkhuku zisanamalize kulowa.

"Bambo a Lonjezani, auzeni anthuwa."

Anayang'ana mapazi awo otupawo. "Ine ndilibe mawu," anatero.

Sindibisa, pamenepo mtima wanga unasweka, ndipo mpaka lero sunalumikizike bwinobwino. Chigamulo chinali chakuti ndisaphikirenso a Ezekieli, ndisakhudze mchere wa pakhomopo, ndizigona m'kanyumba kophikira mpaka ndiulule. Ndikapanda kuulula pofika nthawi yokolola, ndimange katundu ndibwerere ku Mualadzi. Mpingo unandiimitsa mgonero. A Silasi anawapumitsa pa ukulu wa mpingo, ndipo chilangocho anachilandira ngati munthu wopatsidwa tchuthi.

4

Mvula ikakuona litsiro sikata. Kumjigo amayi ankasuntha zidebe zawo ndikafika, ngati chigololo chimalumpha n'kugwera m'madzi. Ena anayamba kuperekeza amuna awo podutsa pakhomo pathu. Madala opanda mano, oyendera ndodo, ankatetezedwa kwa ine. Ndinkati ndikadziyang'ana pagalasi n'kudzifunsa kuti kukongola koopsa kumeneku kunabisala pati zaka zonsezi.

A Silasi okha ndiwo anaphuka. Anagula chipewa chatsopano chanthenga pambali, imvi anazipaka utoto, ndipo pamsika oyendetsa mota, njinga zamoto zija, anawapatsa dzina loti Tambala. Akawaitana choncho, iwo ankangokweza dzanja ngati munthu wofuna mavoti.

Kunyumba a Teodora analanda mthiko ndi mchere womwe. Anabwera ndi mizu ya kwa asing'anga, yomwa, yosamba ndi yotemera. Ine anandisiyira ntchito imodzi yokha: kuchapa zovala ndi zofunda zonunkha mkodzo, chifukwa mwamwayi mdulo sudutsa m'sopo. Ndikatchula za chipatala, alamu ankati chipatala sichidziwa mdulo, mankhwala ake ali pakamwa panga. A Ezekieli ankangotembenukira kukhoma.

Panali masiku amene ndinaganiza zongovomera. Ndinkawamva akubuula, munthu amene sanabuulepo ngakhale tsiku limene ng'ombe ya pangolo inawaponda phazi, ndipo ndinkati mwina ndingonena bodzalo, amwe mizu yawoyo, andibwezere mthiko wanga ndiwaphikire phala la nsinjiro lomwe amalikonda. Ku Mualadzi sikunkandiopsa, ndi kwathu. Chimene chinkandidya n'chakuti munthuyu adzafa ine ndili kutali, akukhulupirira kuti wamupha ndine.

5

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, ndinakumana ndi a Carolina, akazi awo a a Silasi, panjira ya kuchigayo. Chichitikire mlandu uja tinali tisanapatsane ngakhale moni. Ndinatula dengu pansi n'kumanga chitenje zolimba, poti ndinadziwa kuti tsiku la nkhonya lakwana.

Iwo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kubondo lodwala lija, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Amayi a Lonjezani, ndiuzeniko chinsinsi chanu," anatero akupukuta misozi. "Tambala ameneyu kwanga anasiya kulira chibwerere ku Beira. Inu mumamudyetsa chiyani?"

Anandikokera pamthunzi n'kundimasulira mtolo wonse. A Silasi anapezeka ndi khansa ya purositata, kachiwalo ka amuna kamene kali pansi pa chikhodzodzo, pomwe pamadutsa njira ya mkodzo. Mwayi wawo, anaipeza isanatuluke m'kachiwalomo. Ulendo wa ku Beira uja unali wa operasau, opaleshoni ija, ndipo anakaichotsa. Moyo anabwera nawo, koma mphamvu za m'chipinda zinatsalira komweko. Bamboyo ankaopa kuti mudzi ukadziwa udzamutcha mfule. Ndiye pamene alamu anga anamuninkha mbiri ya chigololo, anailandira ndi manja awiri, n'kuigulira chipewa.

Ndinawafunsa kuti nanga iwo anakhaliranji chete ine ndikunyozeka. Anagwetsa nkhope. Anati amuna awo anawalumbiritsa, ndipo iwonso manyazi ankawagwira. Koma chipewa chija chinali chitawakwana, ndipo dzulo lake anaona a Ezekieli akuwanyamula ngati mwana kupita nawo kuchimbudzi, mpaka chakudya chinawakanika.

"Musandiyang'ane choncho, sindinamalize," anatero. "Amuna anga sanali okha pamzere wa kuchipatala ku Tete. Mukafunse amuna anu kuti pabenchi anakhala moyandikana ndi ndani."

Kuchigayo sindinafike.

6

A Ezekieli ndinawapeza ali pamphasa akuwothera dzuwa, a Teodora atapita kumunda. Ndinakhala pamphasa pomwepo, chinthu chimene chinali choletsedwa, n'kuwafunsa kuti fodya wa ku Tete uja dotolo anamuona kuti ndi wa giredi yanji.

Anatseka maso. Kenaka nkhokwe ija inatseguka.

Ine ndili ku Mualadzi, tsiku lina mkodzo unatsekeratu. Anathamangira nawo pa mota kuchipatala cha ku Chifunde, komwe anawathandiza ndi kapaipi n'kuwatumiza ku Tete. Kumeneko anawayeza, n'kudula kanyama kuti akakaone bwinobwino. Atabwereranso, dotolo anawakhazika pansi n'kuwafotokozera mosabisa. Anati khansa imeneyi mwa amuna ambiri imayenda pang'onopang'ono, ena imagona zaka zambiri mpaka munthu kufa ndi ukalamba isanamuvutitse. Koma ilipo ina yaukali, ndipo yawoyo inkaoneka ya mtundu umenewo. Pa nthawiyo inali isanaoneke m'mafupa. Akanathandizidwa msanga, mwayi unalipo waukulu woti akhale zaka zambiri. Ikasiyidwa, imalowa m'mwanabere ndi m'mafupa a msana ndi a m'chiuno, ndipo ikafika kumeneko sibwerera.

A Ezekieli anafunsa funso limodzi lokha, ndipo mukulidziwa kale. Dotolo anayankha kuti inde, chithandizocho chikhoza kuthetsa mphamvu zachimuna. Amuna anga anati akaganize kaye, n'kukwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kubwerera ku Nsadzo. Ndi a Silasi anapangana kuti nkhaniyi ithere pabenchi pomwepo. Nkhanga zinapangana kusanapse, koma tchire limene linapsa linali langa.

"Ndinamva mawu akuti mwa ambiri imachedwa," anatero. "Ndinadziika m'gulu la ambiriwo."

"Nanga tsiku lija pakhonde pano, ine munandiika m'gulu liti?"

Misozi inayamba kutsika. "Ndikanati si mdulo, akanandifunsa kuti nanga n'chiyani. Ndinkati zizizira zokha. Kenaka zinakula, ndinasowa poyambira."

Ndinali ndi mkwiyo woti ukanatha kuphika nyemba, koma mawu anatuluka mwachifatse.

"Ndiye munaika msana wanu, moyo wanu ndi dzina langa pachiswe kuti muteteze katundu amene anali atasiya kale ntchito? Mukanandifunsa ine amene ndinkamugwiritsa, ndikanakuuzani kuti akamutenge. Amene ndinkamufuna ndi inuyo."

Anangogwira ngodya ya chitenje changa, ndipo sindinawachotse dzanja.

7

M'mawa mwake ndinakonza ulendo wa ku Tete osapempha chilolezo kwa aliyense. A Teodora atayamba phokoso ndinawauza kuti akwere nafe, akamuphunzitse okha dotolo za mdulo. Anakweradi, ndikukhulupirira kuti n'cholinga choteteza woyendetsa chapa kwa ine.

Dotolo sanakalipe, ngakhale ine ndinkafuna atakalipa. Atawajambula anatiitana tonse atatu n'kutionetsa timadontho m'mafupa a msana ndi a m'chiuno. Anati miyendo ikutupa chifukwa khansayo yatseka njira m'mwanabere. Kuichotsa sikunali kothekanso. Chimene akanatha ndi kuichedwetsa ndi kuchepetsa ululu, ndipo njira yoichedwetsera inali kuzimitsa mphamvu yachimuna imene khansayo imadya. Ndiye kuti chinthu chomwe a Ezekieli anachithawa chija chinali chikuwadikira pampando womwewo, koma tsopano chitabwera chopanda mphatso yake. Zengerezu analinda kwawukwawu.

A Teodora anafunsa ngati mchere ungachititse zimenezi, kapena ngati mkazi angazitenge kwa mwamuna wina n'kuzibweretsa m'nyumba. Dotolo anati ayi, matendawa sapatsirana ndipo mchere ulibe mlandu. Amabwera ndi msinkhu, ndipo nthawi zina amatsata mtundu, choncho achimwene ndi ana aamuna a a Ezekieli ndi bwino akayezetse. Alamu anagwedeza mutu mwaulemu. Titatuluka anandinong'oneza kuti dotoloyo ndi mwana, za makolo angazidziwire kuti.

Pamenepo ndinadziwa kuti chipatala chingathe kujambula mafupa a munthu, koma dzina langa sichingalichape. Amene analidetsa anali mmodzi, ndipo anali pakati pathu akuyenda motsamira phewa langa.

8

Tinabwerera kumudzi anthu akukolola. Ankhoswe sanaiwale tsiku lawo. Anabweranso pakhonde paja kudzamva ngati ndikuulula kapena ndikumanga katundu, ndipo obwereka zinthu aja anabweranso onse. A Silasi anakhala kutsogolo, chipewa chili pamutu.

Nkhani isanayambe, a Ezekieli anapempha kuti mphika wa nyemba umene unali pamoto ubwere pakhondepo, pamodzi ndi chitini cha mchere. Anakankhira chitinicho kwa ine.

"Thirani mchere, mayi a Lonjezani."

"Dzanja ili lili pa chilango," ndinatero. "Amene analimanga ndi kukhala chete kwake alimasule ndi pakamwa pake."

Munthu amene zaka zonsezi sananenepo ngakhale kuti mutu ukumuwawa anayamba kulankhula. Anatchula dzina la matendawo. Ananena za ulendo wa ku Tete, za mawu a dotolo, ndi za chimene anachiopa, osachiphimba ndi mwambi uliwonse, alongo ake ndi akamwini akumva.

"Mkazi uyu sanandilakwire," anamaliza motero. "Manyazi anga anandilemera, ndiye ndinamusenzetsa iye."

Dzina la a Silasi sanalitchule. Komabe mitu yonse inatembenukira kuchipewa chija, chifukwa masamu a alamu anga tsopano ankatha kuwerengedwa chobwerera. Chipewacho chinatsika pang'onopang'ono n'kukhala pamaondo, ndipo sichinaonekenso pamsika. A Teodora anati iwo ankangofuna mlongo wawo achire. Ndikudziwa kuti pamenepo sananame. Kupepesa anapepesa mwa njira ya kwawo: anandibwezera mthiko akuyang'ana kumbali.

Ndinatsegula chitini. Ndinathira mchere wa tsikulo, n'kuwonjezera wa miyezi yonse imene ndinagona pambali pa mafuwa. Nyembazo ngakhale galu akanazikana. A Ezekieli anadya mbale yonse anthu akuona, misozi ikugweramo, n'kunena kuti zakoma.

9

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni, poti chisoni cha anthu ndinachilawa ndipo sichikhutitsa. Abambo, matenda awa n'zoona kuti mwa ambiri amachedwa kufalikira, koma simungadziwe kuti anu ndi ochedwa kapena othamanga mutaima kuseri kwa khola. Amene amadziwa ndi woyeza, ndipo akakuuzani, mumve mawu onse, osati okhawo okukomerani. Ndipo musanafere katundu wanu, tafunsani kaye akazi anu ngati akumuwerengera mtengo umene inu mukumuwerengera. Amayi, mwamuna akamachedwa kuseri, musamuphere nkhuku ngati ine. Mugwireni dzanja mupite naye.

A Silasi, amene analola kutaya chimene ankachiopa, chaka chino alima ekala zawo zonse, ndipo mmene ndikuonera adzatiika m'manda tonsefe. Amuna anga, amene anakana kuchitaya, anachitayabe, pamodzi ndi msana. Alipo pamphasa pano pamene ndikulemba. Mankhwala akuwagwira, masiku ena amafika mpaka pakhola ndi ndodo, masiku ena sadzuka, ndipo tonse awiri tikudziwa kumene njirayi ikupita.

Nthawi zina amandifunsa ngati ndinawakhululukira. Ndimawauza kuti adye, chakudya chingazizire. Ku Mualadzi sindipita, ndidzakhala pompano mpaka tsiku lomaliza. Koma mchere pakhomo pano ndimathira ndine, ndipo dzanja langa silinapepukebe.